Lukiya ndi Mizere Yofiira

Anthu amene anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi m'zaka zimene thonje linali ndi ulemu amadziwa kuti kutola kumunda sinali ntchito yotsiriza. Thonje likafika pakhomo, amayi ndi ana aakazi ankayala mphasa pakhonde n'kukhala tambalale, mulu uli pakati, zala zili yakaliyakali mpaka dzuwa kupendeka. Kachitsotso, kachidutswa ka tsamba louma, ubweya wothimbirira ndi mvula, zonse zinkachoka. Kumsika kunkapita abambo, ndipo amene ankayamikiridwa pasikelo kuti thonje lawo ndi loyera anali iwowo. Zala zimene zinaliyeretsa zinkatsala kunyumba zikusenda chinangwa.

Lukiya Uladi analowa ntchito imeneyi asanadziwe kulemba dzina lake. Mayi ake, Abiti Nasiru, sankakonda zolankhulalankhula, koma pa thonje sankanyengerera mwana. Belo losasankhidwa silinkaloledwa kutuluka pakhomo, ngakhale mlendo kulisuzumira. Ndipo chimene wachichotsa sunkachitaya kudzala. Chinkalowa m'thumba lachiwiri limene linkakhala kuseri kwa chitseko, chifukwa chothimbirira nachonso chimapeza mwini. Lukiya anakula ndi manja otero. Mpaka lero akagula nyemba sangaziphike asanazitsanulire m'lichero, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti anasankha kale.

Sukulu anailekezera Fomu 2, chaka chimene bambo ake anadwala osadzukanso. Kenako anakwatiwa ndi Che Bakili, mwamuna wofatsa wopalasa kabaza, n'kukakhala ku Nkaya kumene njanji zimakumana. Kumeneko amadziwika ndi mandasi. Tsiku limene sitima ya anthu imaima amayenda m'mbali mwa mabogi beseni lili pamutu, ndipo masiku ena amagulitsa kwa anthu okonza njanji.

Ali ndi ntchito inanso imene palibe amene amaitcha ntchito. Amayi a ku Nkaya ndi a midzi ya m'mbali mwa Rivirivi ali ndi gulu losunga mbewu za makolo: mapira, mawere, nzama, chitowe, khobwe wamitundumitundu. Sagulitsana, amasinthana mvula isanagwe. Wapampando ndi Mayi Dalesi, mayi wa mvano amene mawu awo amamveka kutsidya kwa dambo, ndipo mlembi ndi Lukiya. Ulembi wa gulu lotere ndi kufika woyamba kudzasesa, kukabwereka mabenchi, kuyenda khomo ndi khomo kukumbutsa anthu za msonkhano, n'kutsala pomaliza kubweza mabenchi aja.

Chaka china bungwe lina linabwera ku Balaka kudzaphunzitsa amayi akumudzi za makompyuta, ndipo gulu linatumiza Lukiya poti ndiye anali ndi Chingerezi chokwanira kuwerenga. Che Bakili ankamupalasa m'mamawa uliwonse mpaka pamsewu waukulu, n'kubwerera wopanda wokwera. Mphunzitsi wawo, a Rose, anawaphunzitsa kulemba khodi, mawu ndi zizindikiro zimene zimauza foni kapena kompyuta mmene iyalire tsamba la pa intaneti. Ambiri ankadandaula kuti zizindikirozo ndi zazing'ono, zopweteka maso. Lukiya anazikonda kuyambira tsiku loyamba. Kadontho kosowa ankakaona msanga ngati kachitsotso.

Maphunziro atatha, bungwe linasiyira gululo laputopu yogwirapo kale ntchito, ya batani limodzi loguluka. A Rose anapita ku Lilongwe, nambala yawo n'kusiya kupezeka. Pamsonkhano Mayi Dalesi anagamula poyera kuti laputopuyo ndi ya gulu, ndipo izikhala kwa amene akusamalira tsamba la gulu. Tsambalo lionetse zithunzi za mbewu ndi kumene zikupezeka, kuti pofika tsiku losinthana mbewu ku Phalula, anthu adzabwere akudziwa kale chimene akufuna.

Lukiya anainyamula laputopuyo ataikulunga m'chitenje chatsopano. Chiyambire kubadwa anali asanasungepo chinthu chimene chinkamupatsa njira yopitira patsogolo ndi zimene waphunzira. Ankadziwa kuti tsiku limene idzachoke pakhomo pake, khodi yonse idzauluka m'mutu ngati Chifalansa cha ku Fomu 1.

Ntchito ankaigwira masana, mandasi a m'mawa akatha, ana asanaweruke. Foni ya kamera yabwino anabwereka kwa Sharifa, mnzake wa m'gulu, mayi wa nthabwala amene anayenda naye midzi yonse akugwirizira mbewu pachikhatho kuti zijambulidwe. Kunyumba kulibe magetsi, choncho laputopu inkakadya moto kwa Che Umar, wometa tsitsi wa pafupi ndi siteshoni, amene ali ndi sola padenga.

"Ikani pamenepo, Abiti Uladi," ankatero Che Umar lumo lili m'manja. "Mafoni ndimalipiritsa, koma iyi ndi mlendo. Kungoti ikadzakhuta isadzaiwale kuti inaleredwa mu saluni."

Tsiku la sitima beseni ankalisenza achemwali ake, a Ayisha, amene ali ndi munda wawo ndi msana wawo wovuta. Ankangofika n'kulitenga, osafunsa.

Tsamba linatha kulembedwa. Pa laputopu linkaoneka bwino, mawere ofiirira ali waa pachikhatho cha Sharifa. Koma Lukiya akabwerera mu edita, pulogalamu imene amalemberamo khodi, ankapezamo zina. Pansi pa mizere ina panali tizingwe tofiira topindikapindika, ndipo m'munsi mwa sikirini munali chenjezo lakuti muli zolakwika. Akalozapo, edita inkanena kuti mawu amenewo sikuwadziwa, ndi osaloledwa pamalo amenewo.

Mizere imeneyi anaiphunzira kwa a Rose, ndipo pa makompyuta a kumaphunziro sinkafiira. Inali youza foni kuti ikakhala yaing'ono itenge chithunzi chaching'ono chopepuka, ndiponso kuti isakoke zithunzi zonse nthawi imodzi koma idikire munthu atsetsereke kufika pamene pali chithunzicho. Lukiya anaifananiza chilembo ndi chilembo ndi mmene anaphunzirira. Inali chimodzimodzi. Komabe inali yofiira.

A Ayisha atabwera kudzatula beseni anasuzumira paphewa pake.

"Aphunzitsi ako aja anatsalira m'kati mwa makinawa? Taonani akuchongera ndi inki yofiira."

"Musandiseke achemwali. Ndalakwitsa penapake."

"Nanga si chikuoneka bwino chithunzicho? Tumiza anthu aone."

"Iyayi. Chosasankha?"

A Ayisha anangogwedeza mutu. Nawonso analeredwa pamphasa yomweyo.

Choncho Lukiya anayamba kusankha. Mzere wofiira ankauchotsa mosamala, kufiira n'kuzimiririka, mtima n'kutsika pang'ono. Pamene panali zithunzi zingapo za mbewu imodzi, chaching'ono ndi chachikulu, ankasiya chachikulu chifukwa ndicho chinali chowala bwino. Zochotsedwazo sankazifufuta. Anatsegula fayilo ina n'kuitcha thumba, ndipo mzere uliwonse ankauika m'menemo pamodzi ndi mawu omukumbutsa pamene wachokera. Sanaganize kuti adzazifuna. Manja okha ndi amene ankakana kutaya.

Pomaliza edita inayera mbee, ndipo pa laputopu tsamba linkatsegukabe bwinobwino, poti zithunzi zonse zinali momwemo. Apo m'pamene Lukiya analikweza pa intaneti, n'kuuza Mayi Dalesi kuti aitanitse anthu.

Anakumana pakhonde la Sharifa. Lukiya anatchula dzina la tsamba, amayi amene ali ndi mafoni a intaneti n'kulemba, anzawo atawaunjirira mitu pamodzi. Mutu wa tsamba unatuluka. M'munsi mwake munali poyera, kachizungulire kakuzungulira. Anadikira. Nkhuku inadutsa pakati pawo ndi anapiye ake, kachizungulire kakuzungulirabe.

"Mwina mbewu zake sizinamere," anatero Sharifa. "Tidikire mvula."

Ena anaseka, koma mayi wina anakuwa kuti foni yamuuza kuti data yatha, data imene anagula dzulo lomweli kuti alankhule ndi mwana wake wa ku Joni. Winanso anati yake yatentha ngati mbatata yootcha. Pa foni imodzi yokha panatuluka theka la chithunzi, zala za Sharifa popanda mbewu.

"Zala zanga zafika ku intaneti, amayi inu! Mbewu zibwera pa sitima yamawa."

Mayi Dalesi sanaseke nawo. Anadikira phokoso lizizire, n'kulankhula ndi mawu otsika kusiyana ndi masiku onse, chimene chinapweteka koposa.

"Lukiya mwanawe, palibe akukana kuti wavutika. Koma anthu a ku Phalula tinawauza kale, ndipo tsiku layandikira. Ku Balaka kuli Godfrey, mwana wa mlongo wanga, uja wa shopu yosindikiza makadi a ukwati. Zinthu izi amazidziwa. Ngati sizitheka sabata ino, umupititsire makinawo atithandize. Lamulo lija tinapangana tonse."

"Ndamva, mayi," anayankha Lukiya.

Anthu atabalalika anatsala akubweza mabenchi, Sharifa atagwira mbali inayo, nthabwala zitamuthera.

Masiku otsatira anabwerera pa khodi ija. Maganizo ake anali amodzi: ngati tsamba likukana, ndiye kuti zinyalala zina zinabisala. Anafufuza mu edita mpaka anapeza poyatsira machenjezo ena, achikasu, amene poyamba sankaoneka. Nawonso anawasankha, thumba n'kunenepa. Sharifa akayesa pa foni yake, kachizungulire kanali komweko. Che Bakili, amene za khodi sadziwa ngakhale pang'ono, ankangoti akabwera masana kudzamwa madzi n'kuima pakhomo kuyang'ana mkazi wake, kenako n'kutenga ndowa kukatunga okha.

Lachinayi Lukiya anaikulunga laputopu m'chitenje chija. Anadzera kwa Che Umar kuti ikhute moto, chifukwa chinthu cha eni sabweza chili ndi njala.

"Lero mwavala nkhope ya pamaliro," anatero Che Umar. "Mlendo wathu akupita?"

"Akupita kwa odziwa."

"Aa. Insha Allah adzabwera. Zoleredwa mu saluni siziiwala kwawo."

Shopu ya Godfrey ili kuseri kwa msika wa Balaka, kachipinda kodzaza ndi fungo la inki ndi mapepala otentha. Mwini wake ndi bambo wa zaka za m'ma sate, wamimba yoyamba kutuluka, wolankhula ngati wailesi. Kompyuta yake inali itatsegulidwa m'mbali, fani yapatebulo ikuipepeza, iyo ikulira ngati chigayo cha dizilo. Pabenchi panali mayi wachikulire akudikira makadi a chinkhoswe cha mdzukulu wake.

Lukiya anapereka moni, n'kunena dzina lake ndi amene wamutuma. Anamasula chitenje n'kuika laputopu patebulo ndi manja awiri.

"Ndiye ndinu amayi a mbewu!" anatero Godfrey. "Azakhali anandiimbira. Ndisakunamizeni achemwali, chiimbireni ndakhala ndikuilota laputopu imeneyi. Mukuimva gogo wangayu mmene akutsokomolera? Tsiku lililonse ndimayamba ndamupempherera."

"Ndi imeneyo, achimwene. Ine zandikanika."

"Dikirani kaye, musathawe ngati mwasiya mwana pakhomo la eni. Tandionetsani pamene mwafika."

Lukiya anatsegula. Godfrey anawerenga khodi akutsetsereka pang'onopang'ono, ndipo kulankhula kunayamba kuchepa.

"Analemba ndani izi?"

"Ine."

"Zoyalidwa bwino chonchi? Zanga mukaziona mungathawe, zili ngati m'khola la abakha." Anatsetserekanso, n'kuima. "Koma apa pali chodabwitsa. Mwaika zithunzi zikuluzikulu zokhazokha, zonse zikokedwe nthawi imodzi. Foni ya kumudzi, netiweki ya ku Nkaya, mwaisenzetsa matumba a simenti. Sanakuphunzitseni zoika tizithunzi topepuka?"

"Anatiphunzitsa. Ndinaika. Koma ndinachotsa."

"Munachotsa? Chifukwa?"

"Zinali zofiira."

Godfrey anamuyang'ana, kenako anagwira pamimba n'kuseka mpaka mpando kulira. Mayi wa pabenchi anamudzudzula kuti mwana wamwamuna saseka mlendo chotero, ndipo iye anapepesa akupukuta misozi.

"Pepani achemwali, sindikuseka inu. Ndikuseka chifukwa inenso chinandigwira chinthu chimenechi, ndinatsala pang'ono kuiponya pawindo kompyuta. Taonani apa." Analoza pakona pamene panalembedwa chaka cha edita ija. "Edita yanuyi ndi yakalekale, ndipo amene anaipereka sanaikonzenso. Ili ngati mlonda amene anamuonetsa nkhope za pakhomo zaka zapitazo. Mkamwini watsopano akangolowa pachipata, iye ali wakuba, wakuba! Mizere ija ndi yolondola. Mafoni onse amaidziwa. Ndi mlondayu yekha amene sanauzidwe."

Lukiya anasuzumira pakona paja, n'kufunsa.

"Ndiye kuti chofiira chimanama?"

"Nthawi zina. Nthawi zina chimanena zoona. N'chifukwa chake simumangomvera mlonda, mumatuluka kukaona. Munaliyesapo pa foni musanayambe kuchotsa?"

"Iyayi. Ndikanaonetsa bwanji anthu chinthu chosasankha?"

Godfrey anakanda m'mutu. Anati vuto tsopano ndi nthawi: kulembanso mizere yonseyo, chithunzi ndi chithunzi, ndi ntchito ya masiku, ndipo iye ali ndi makadi a maukwati awiri a Loweruka lomwelo. Akanakhala kuti sanafufute.

"Sindinafufute," anatero Lukiya. "Zili m'thumba."

"Thumba liti?"

Anamutsegulira fayilo ija. Mizere yonse inali momwemo mwadongosolo, uliwonse ndi mawu ake: uwu wachokera pa mawere a Abiti Sidik, uwu pa nzama zakuda, uwu pa chitowe. Godfrey anawerenga, n'kutembenukira kwa mayi wa pabenchi.

"Agogo, munaonapo munthu wosesa m'nyumba n'kusunga zinyalala, chilichonse ndi dzina lake?"

"Ameneyo ndi wa kwathu kolima thonje," anatero mayiwo osatembenuka n'komwe. "Iwe sindikiza makadi anga."

Godfrey anayang'ana laputopu ija kanthawi. Inali chete, yozizira, yopanda fani yoipepeza. Anapumira m'mwamba, n'kuikankhira kwa Lukiya pamodzi ndi mpando wake.

"Khalani apa mubwezeretse nokha. Ine ndikaitenga chifukwa cha bodza la mlonda, mawere anu azidzandilondola kutulo. Foni yanga nayi, mulumikize intaneti pamenepo."

"Nanga azakhali anu?"

"Azakhali anati ndithandize. Ndathandiza kale, ndaseka."

Lukiya anakhala pampando n'kuyamba. Mzere woyamba atangoubwezera pamalo pake, kachingwe kofiira kanatulukiranso pansi pake. Dzanja lake linapita lokha pa batani lofufutira, n'kuima m'malere. Analibweza n'kuliika pamwendo. Anatenga mzere wachiwiri. Sikirini imene anaiyeretsa ndi masana ambirimbiri inayamba kuthimbirira m'maso mwake, ndipo amene ankaithimbiritsa anali iye mwini.

Nthawi ya swala ya masana itakwana, Godfrey, amene ndi wa mpingo wina, anachotsa makatoni kuseri kwa shopu, n'kupatsa Lukiya madzi m'botolo ndi katoni yoyera yoyala pansi kuti akapemphere. Atabwerako anapeza pambali pa laputopu pali chikondamoyo chokulungidwa m'pepala la makadi olakwika.

Pakati pa ntchito Godfrey ankasuzumira. Pamzere wina anagogoda sikirini ndi chala.

"Uwu wokha mlonda akunena zoona. Mwatsegula chitseko apa, simunatseke."

Lukiya anaona kuti ndi zoona, kachizindikiro kotsekera kanatsalira m'thumba. Anakabwezera, ndipo kachingwe ka pamenepo kanazimiririka, tinzake tonse titatsala. Anafunsa ngati palibe njira yomuphunzitsa mlondayo nkhope zatsopano. Godfrey anati ilipo. Anamutsegulira tsamba lina la Chingerezi pamene anthu a m'mayiko osiyanasiyana anadandaula za mizere yofiira yomweyo, zaka zapitazo. M'munsi mwa madandaulowo munthu wina, amene pachithunzi chake panali mphaka m'malo mwa nkhope, anayankha mwachidule kuti wakonza, anthu atenge edita yatsopano.

"Ameneyu amagwira ku kampani yake?" anafunsa Lukiya.

"Iyayi. Ambiri oterewa amachita akaweruka kuntchito zawo."

"Amawalipira ndani?"

"Palibe. Mwinanso zikomo samumva. Anthu amabwera pano pokhapokha chikawavuta."

Lukiya anayang'ana mphaka uja nthawi yaitali.

"Ndiye kuti kumenekonso aliko obweza mabenchi," anatero chapansipansi. Godfrey sanamve tanthauzo lake, ndipo sanafunse.

Anayesa kukoka edita yatsopanoyo, koma inali yaikulu, netiweki ikukwawa. Isanafike n'pakati pomwe magetsi anazima. Fani inaima, kompyuta ya Godfrey inalira komaliza n'kukhala zii, ndipo mwini wake anaitchula mayina amene mayi wa pabenchi anati sakuyenera pamaso pa akulu. Laputopu yokha inatsala ikuwala ndi moto wa sola ya Che Umar.

"Basi, edita yatsopano mudzatenga tsiku lina," anatero Godfrey. "Kwezani tsambalo mmene lililimu, batire isanathe."

"Lofiira chonchi?"

"Lofiira choncho. Kufiirako mukukuona inu nokha. Anthu akaona mbewu."

Lukiya anati Bisimila, n'kudina.

Godfrey anapempha foni ya mayi wa pabenchi, kafoni kosweka pakona komangidwa ndi mphira, chifukwa anati ikatseguka pa imeneyo ndiye kuti itseguka paliponse. Analemba dzina la tsamba n'kuwabwezera. Mayiwo anaitalikitsa foniyo ndi maso, n'kuiyandikitsanso.

"Awa si mawere awa? Mawere enieni! Ine ndinkati anatha m'dziko muno." Anakankha ndi chala, chithunzi china n'kubwera. "Ndi chitowe chomwe. Mwana iwe, zili kuti zimenezi?"

Lukiya anawayandikira. Analoza m'munsi mwa chithunzi pamene panalembedwa mudzi.

Nthawi yochoka inakwana. Anati zikomo m'Chichewa, n'kuona kuti sizikukwana, n'kubwerezanso m'Chiyao cha mayi ake atagwada pang'ono pakhomo la shopu. Godfrey anachita manyazi, n'kuyamba kusakasaka chinthu m'dirowa chimene sichinasowe.

"Pitani achemwali, minibasi ikusiyani. Mukadzalemera ndi makompyuta mudzandilembe ntchito yopepeza."

Loweruka ku Phalula anthu anayala mphasa ndi ziguduli pansi pa mitengo, kufupi ndi msewu waukulu kumene malole amadutsa akuwomba mphepo. Amayi a gulu anafika pa lole ya munthu wina wa ku Nkaya amene anawanyamula popita kukatenga matabwa. Lukiya anabwera ndi laputopu, chifukwa nkhani yake inali isanagamulidwe. Mayi Dalesi anali atamva kwa Godfrey kuti tsamba likutseguka, koma iwo ndi munthu wofuna kuona ndi maso.

Sanadikire nthawi yaitali. Bambo wina wa njinga anafika foni ili m'manja, akufunsa kuti Abiti Sidik wa mawere ndi uti, iye wabweretsa mapira oyera. Panabweranso amayi awiri ochokera kutsidya kwa Shire amene anati anaona nzama zakuda pa foni ya mphunzitsi wa kwawo. Sharifa ankayendayenda pakati pa anthu akuonetsa chikhatho chake, kuwauza kuti dzanja la pa intaneti lija ndi limeneli, amene akufuna kuligwira afole.

Dzuwa litafika pamutu Mayi Dalesi anaombetsa m'manja, mawu awo akale atabwerera.

"Amayi, tamverani kuno! Makina aja akhala kwa mlembi wathu. Ine ndinanena kale kuti mwana wa Abiti Nasiru sangagonje."

"Munanena liti, mayi?" anafunsa Sharifa.

"Ndinanena mumtima. Iwe unali kuti?"

Anthu anaseka, wina n'kuimba nthungululu. Lukiya anawerama, akusalaza chitenje chimene chinakulunga laputopu ngakhale chinalibe makwinya. Asanadzutse mutu Mayi Dalesi anali atayamba kale kumuwerengera zina: gulu la ku Phalula nalonso likufuna mbewu zawo zioneke, ndipo pali a ku Chiuta amene amva mbiri, ali ndi mpunga wonunkhira.

Woyamba kudzaima pamaso pa Lukiya anali mayi wamng'ono thupi, mwana ali kumbuyo, amene sanali wa gulu lililonse. Anamasula mfundo ya pakona ya mpango wake n'kutsanulira pachikhatho timbewu tochepa tamawangamawanga. Anati ndi khobwe amene anachoka naye kwawo ku Nayuchi pokwatiwa, dzina lake la Chichewa salidziwa, ndipo watsala ndi yekhayu. Ankafuna kudziwa ngati kwinakwake kuli wina amene akali naye.

Lukiya anabwereka foni ya Sharifa n'kugwada pafumbi. Anatembenuza dzanja la mayiyo kuti dzuwa ligwere bwino pa mbewuzo.

"Musagwedezeke, amayi," anatero. "Tsegulani zala pang'ono. Eya, choncho."